Makoko a M'boila

Nasipanala anamva kusweka kwa kapu akadali pa masitepe. Ankakwera kwa mlongo wake, pa nsanja yachitatu, bokosi la zitsulo likumudula zala, pamene china chake chinamenya khoma m'katimo n'kumwazika, kenako mawu aamuna anayamba kutukwana. Anatula bokosi kuti apume kaye. Mawuwo ankawadziwa kuyambira mwini wake akuyamwa chala, koma zaka zaposachedwazi ankamveka ndendende ngati a malemu bambo awo, ndipo zimenezo sankafuna kuziganizira Loweruka m'mawa.

Dzina la Nasipanala anamupatsa ndi anthu a mumsewu umene ankakonzerako maayironi, maketulo, mafiliji ndi makina alionse amene amisiri anzake awagwetsera mphwayi. Mayi awo atamwalira, iye ndi amene analera mzime wa m'banjamo: kumusambitsa, kumumenyera anyamata ovuta kusukulu, kumuphunzitsa mpaka anakhala dokotala wa mano. Kunja konse anali adokotala, koma kwa iye anali Mzime basi. Manja a Nasipanala anali okhakhala, zikhadabo zake zakuda zosamva sopo. Manja a mlongo wakeyo anali osalala, ozizira, onunkhira mankhwala a kuchipatala, ndipo mwini wake ankawasamala mochita kunyanya. Sankanyamula sutikesi, sankatsegula chitini, ankati anthu ambiri amadalira zala zimenezo. Nasipanala ankawanyadira manjawo ngati anachita kuwaumba yekha.

Mzime anatsegula chitseko mlongo wake asanagogode n'komwe. Moni unali wa pakhosi. Anamutsogolera kukhitchini, kumene khofi anali akuyenderera pa khoma loyera, mkazi wa m'nyumbamo atagwada pansi kutola zidutswa za kapu ndi dzanja lamanzere. Lamanja linali lokolekedwa m'khosi ndi nsalu. Pakamwa pake panali pomanga: mano a m'mwamba ndi a m'munsi anali olumikizidwa ndi timawaya, chifukwa nsagwada inathyoka milungu isanu yapitayo. Nkhani yake inali yakuti anagwa pa masitepe, ndipo mwayi wake anakwatiwa ndi dokotala, amene anamumanga yekha pakhomo pomwepo popanda kukavutika pa mzere kuchipatala. Nasipanala anaimeza nkhaniyo yonse yathunthu, mpaka anamuyamikira mlongo wakeyo pa foni. Munthu amene unamupukuta mamina sumufunsa kawiri, ndipo iye sanafunse ngakhale kamodzi.

Mlamu wakeyo anamulonjera ndi maso, n'kupitiriza kutola.

Makina a khofi anali pakona, chitsulo chowala, nsalu yake yofundira itapindidwa pambali. Anali a Mzime yekha. Ankatulutsa khofi wakuda, wowawa, wa m'kakapu kakang'ono, ndipo iye ankamumwa choncho, wopanda shuga, wopanda mkaka, chifukwa mkaka ankauda ngakhale fungo lake. M'nyumbamo munali lamulo lakuti makinawo sakhudzidwa ndi wina aliyense. Tsono kwa mlungu wathunthu khofi ankatuluka wonunkha ngati chinthu chofera kuseri kwa kabati, ndipo kapaipi ka m'mbali, kotulutsa nthunzi, kankalavula madzi otuwa. Zonsezi Mzime anazifotokoza akuzungulira m'khitchinimo. Atamaliza anamenya makinawo ndi mphika, osati ndi dzanja ayi, mpaka chivindikiro chinapindika.

"Achemwali, mutsegule, mundiuze chimene chalowamo," anatero. "Ndikadziwa chalowamo, ndidziwa amene wachilowetsa. Muno tilimo awiri basi."

Ananena zimenezo akuyang'ana pa mutu pa mkazi wake. Mkaziyo sanatukule nkhope, koma chidutswa cha kapu chinamupulumuka m'dzanja. Nasipanala anachiona chikugwa. Anazindikira kuti sanamuitanire kudzakonza makina. Anamuitana kuti adzatchule mlandu, ndipo chilichonse chimene angachipeze m'katimo chikathera pa thupi la mlamu wake.

Komabe ntchito anaiyamba, poti manja ake sankadziwa kukhala chabe. Anazula waya ku khoma, n'kuchotsa thanki ya madzi. Anamasula masikuluwu asanu ndi limodzi, n'kuwandandika m'sosala monga ankachitira nthawi zonse. Pansi pa chivindikiro panali boila, chigubu cha mkuwa chachikulu ngati zibakera ziwiri, mmene madzi amawiriramo asanakhale khofi kapena nthunzi. Anatsanulira madzi ake m'mbale yoyera. Madzi a m'boila yabwino amatuluka oyera, mwina ndi timiyala tochepa pansi. Awa anatuluka otuwa, mafuta akuyandama pamwamba, ndi timabuluma tofiirira tikuzungulira.

Foni ya Mzime inalira. Anaiyang'ana, n'kutuluka kukaima pa khonde, n'kukoka chitseko chagalasi. Anali wodwala wake. Kudzera pagalasipo Nasipanala ankamva mawu ena ake, ofewa, oseka, akuuza mayi wina kuti asadandaule, kutupa kumachitika, aike madzi oundana pa tsaya ndipo azimuimbira nthawi iliyonse. Anthu ankamukonda dokotala ameneyu, ankati sumva n'komwe jakisoni wake akulowa.

Mabawuti anayi a boila anali olimba. Nasipanala anakanikiza sipanala ndi chigongono mpaka anagonja, ndipo chigubucho chinagawika pakati. Fungo linamumenya m'mphuno. Makina onse amene anawatsegulapo ankawayeza njira zitatu, motsatana: mphuno, chala, viniga. Laimu wa m'madzi, yemwe amamata m'ketulo iliyonse, sanunkha, ndi woyera, wolimba, amakanda chala ngati mchenga, ndipo ukamudonthezera viniga amawira thovu. Koma makoko a muno anali ofiirira, oterera pamwamba, opserera pansi pafupi ndi chitsulo chotenthetsa, osanjikizana mizere mizere. Viniga sanamufune n'komwe. Unali mkaka, ndipo sunali wa tsiku limodzi.

Njira yake yolowera ankaidziwanso. Mkaka suloweramo ku thanki. Umalowa ngati munthu wazimitsa makina kapaipi ka nthunzi kakadali m'kapu ya mkaka, kampopi kake kosatseka. Boila ikamazizira imakoka mpweya, ndipo ikapeza mkaka imayamwa mkakawo. Munthu wosamala sachita zimenezo. Amachita ndi munthu wothamanga, wozimitsa zinthu mtima uli m'mwamba.

Anatembenuka. Mlamu wake anali ataimirira pafupi ndi sinki, akuyang'ana makoko aja, misozi ikutsika yokha. Nasipanala anamufunsa chapansipansi ngati ndi iye. Mkaziyo anavomera ndi mutu, kenako anayamba kufotokoza, mawu akutulukira m'mipata ya mano moti Nasipanala anachita kuyandikitsa khutu. Anati chakudya chake chonse milungu isanu imeneyi ndi chomwera m'kachubu. Mkaka wozizira ukafika pa mano osweka aja, ululu umakwera mpaka m'diso. Sitovu ya gasi imafuna manja awiri, lina kukanikiza, lina kuyatsa machesi, ndipo iye ali ndi limodzi. Ketulo inasweka kalekale, mwamuna wake anamugenda nayo. Makinawo okha ndi amene ankatenthetsa mkaka ndi dzanja limodzi. Tsono akamva kiyi pachitseko ankangozula waya, n'kuponya nsalu yofundira pamwamba pa zonse, kapu ili pomwepo, n'kuthamangira kukalandira mwamuna. Pobwerako ankapeza mkaka watsika m'kapumo, n'kumayesa kuti wauma ndi nthunzi.

"Nanga masitepe aja, alamu?" anafunsa Nasipanala, ngakhale yankho linali litamufika kale.

Mkaziyo analoza pa khonde ndi chibwano. "Masitepe ake ndi omwe ali pafoniwo."

Nasipanala anachita manyazi kuposa mkwiyo. Masitepewo anali atangowakwera, anali otakata, okhala ndi pogwira mbali zonse. Anakumbukira chaka chatha mlamu wake atavala magalasi akuda m'nyumba, ndi tsiku lina lomwe ankayenda atagwira nthiti n'kumati wagona molakwika. Zonsezo anaziona ndi maso ake omwewa, omwe amapeza waya wothothoka m'kati mwa filiji, n'kutsinzina dala. Iye amene anakulira pansi pa tebulo, atamutseka Mzime makutu kuti asamve mayi awo akumenyetsedwa ku chitseko ndi bambo awo, anali atamuikira kumbuyo munthu wochita zomwezo.

Nthawi yolira panalibe. Ananong'oneza mlamu wake kuti apukute nkhope, n'kunyamula zigawo ziwiri za boila kupita nazo ku sinki. Akanangotsuka, umboni ukanapita ndi madzi. Koma mkaka wopserera suchoka ndi madzi a pa mpopi, umafuna kunyikidwa maola. Anali atangoyamba kupala ndi sikuludiraiva pamene chitseko chagalasi chinatseguka.

Mzime anafunsa chimene wapeza. Nasipanala sanatembenuke. Anati ndi laimu wa m'madzi basi, zimachitika ndi makina alionse, palibe walakwa. Anati aitenga boilayo akaiviike kuntchito kwake, Lachiwiri ibwera yowala.

"Laimu," anatero Mzime. "Madzi ndimathiramo ndekha, a m'botolo."

Nasipanala anati ngakhale a m'botolo amakhala naye. Ananena mofulumira kwambiri, ndipo anadzimva yekha kuti wafulumira. Mzime anamwetulira. Anatsegula kabati ya pamwamba, n'kutulutsa botolo la viniga. Apo m'pamene Nasipanala anakumbukira, mochedwa, kuti munthu ameneyu anachitira homuweki yake yonse pa benchi la ntchito yake, pakati pa maketulo a eni. Masewera a viniga anamuphunzitsa ndi iye mwini. Ankamupatsa botolo kuti adonthezere, mwanayo n'kumaseka thovu likamawira.

Mzime anamulanda chigawo chimodzi cha boila, n'kuchiika pa tebulo, n'kudonthezera madontho atatu, mosamala, monga amachitira ndi mankhwala. Onse atatu anayang'ana. Viniga anangokhala phee pamwamba pa makoko, osawira. Anapala pang'ono ndi nsonga ya mpeni, n'kuyatsa sitovu, n'kuika nsongayo pa moto. Utsi unakwera, wonunkha ngati tsitsi lopsa. Anaununkhiza, n'kuzimitsa sitovu, n'kuika mpeni m'sinki.

"Mkaka," anatero motsitsa. "Mwayamba kundinamiza, achemwali? M'nyumba mwanga?"

Nasipanala anati ndi iye amene anaviika kapaipi mu mkaka tsiku lomwe anabwera kudzazonda. Linali bodza lopanda miyendo, chifukwa kuzonda anazonda pa foni. Mzime anatembenukira kwa mkazi wake. Anaponda kawiri, n'kumugwira tsitsi, n'kumumenyetsa ku chitseko cha filiji. Mabotolo a m'katimo analira. Anamumenyetsanso kachiwiri. Mkaziyo sakanatha kukuwa. Kukuwa kwake kunathera kuseri kwa mawaya, n'kutulukira m'mphuno ngati kubuula, ndipo magazi anayamba kudontha pa chibwano.

Nasipanala anamulumphira kumbuyo, n'kumugwira mkono, akumutchula dzina la kunyumba lija, kumuuza kuti asiye, akumbukire mayi. Mzime anamukankha ndi chigongono pa chifuwa. Sanamumenyepo chibadwire, ndipo lero sanayang'ane n'komwe kumene wagwera. Nasipanala anagwera pa bokosi lake la zitsulo, msana unamenya pa ngodya, zitsulo zinamwazika pa simenti. Mpweya unamuthera. Anakhala kaye pansi pakamwa pali yasa, akuona miyendo ya mlamu wake ikukwakwazidwa kupita ku tebulo.

Mzime anamugoneka mkaziyo chagada pa tebulo, n'kumupanikiza pakhosi ndi mkono wamanzere. Sankakuwa. Ankayankhula ndi mawu omwe aja a pa foni, ofewa, akumuuza kuti anamumanga bwino, ulele, ndipo malipiro ake ndi kumuonongera chinthu chimodzi chokha chimene anamuletsa. Anawerama n'kutola pulayazi yodulira mawaya ya Nasipanala imene inagwera pafupi ndi phazi lake.

"Ndinamanga ndine," anatero. "Ndimasulanso ndine, uone mmene nsagwada imalendewerera."

Anaika pulayazi pa tebulo kuti ayambe wakweza mlomo wa mkaziyo ndi zala, monga mwa ntchito yake, kufuna poyambira. Mkaziyo anapalapata, n'kumumenya bondo m'mimba. Mzime anadzandira, ndipo kuti asagwe anatsamira dzanja lamanja pa tebulo, zala zonse zisanu zitatambasuka pa thabwa.

Nasipanala anali ataimirira. Chigawo china cha boila chinali chikadali m'sinki, mkuwa wokhawokha, wolemera kuposa nyundo. Anachigwira ndi manja onse awiri. Mutu wa mlongo wake unali pafupi, ndipo anauona, koma sanalinge kumeneko. Anatsitsa mkuwawo pa dzanja lija ndi mphamvu za zaka makumi atatu zomasula mabawuti adzimbiri. Fupa linalira thyo. Mzime anayang'ana dzanja lake ngati si lake, pakamwa pali potsegula. Koyambako kunali kupulumutsa munthu. Kachiwiri Nasipanala anachita akudziwa, atayang'ana bwino pamene pali chala chachikulu ndi cholozera, zogwirira jakisoni ndi pulayazi, ndipo anamenya pomwepo.

Apo Mzime anakuwa. Anagwada pansi atafungata dzanjalo pamimba, magazi akudutsa pakati pa zala za lamanzere n'kudonthera pa zidutswa za kapu zimene mkazi wake sanamalize kutola. Mawaya a m'kamwa mwa mkaziyo anali akadali m'malo mwake. Nasipanala anaona zimenezo poyamba, asanayang'ane china chilichonse. Anamudzutsa pa tebulo, n'kumupukuta magazi ndi nsalu yofundira makina, n'kumufunsa kumene kuli chitupa chake ndi nsapato. Mkaziyo analoza kuchipinda. Anatenga zimenezo zokha. Bokosi la zitsulo analisiya pomwepo, pamodzi ndi masikuluwu asanu ndi limodzi ali m'sosala.

Ali pakati pa masitepe anamva mawu kumwamba. Sanali a bambo awo tsopano, sanalinso a dokotala. Anali a mwana uja wa pansi pa tebulo.

"Achemwali, dzanja langa. Achemwali, musandisiye."

Nasipanala anaima. Moyo wake wonse mawu amenewo akamuitana ankasiya chilichonse chimene wagwira. Miyendo inafuna kubwerera yokha, ndipo misozi inamutuluka yambiri, yotentha, chifukwa ankamukondabe ndipo sakanatha kudzinamiza. Mlamu wake anaima sitepe imodzi kumunsi, osamukoka, akungodikira kuti aone kumene apite. Chitseko cha nyumba yoyandikana chinali chitatseguka pang'ono, bambo wina wachikulire akusuzumira. Nasipanala anamuuza kuti aimbire ambulansi, m'mwambamo muli munthu wovulala dzanja. Kenako anagwira mlamu wake m'chiuno, n'kutsika naye mpaka pa msewu.

Kuchipatala anakhala pa mzere umene Mzime ankati wamupulumutsako mkazi wake. Unali wautali ndithu. Nthawi yawo itakwana, nesi anayang'ana mawaya, anayang'ana mkono, anakweza bulauzi n'kuona mabala akale ndi atsopano, kenako anatenga cholembera n'kufunsa chimene chinachitika. Mkaziyo, mwa chizolowezi cha milungu isanu, anayamba kutulutsa mawu akuti masitepe m'mipata ya mano. Nasipanala anamugwira phewa.

"Si masitepe, anesi. Ndi mlongo wanga, lembani choncho," anatero. "Iyenso akubwera konkuno. Dzanja lakelo lembani kuti ndathyola ndine."